Musanakasume wokuberani, werengani kaye zomwe munalemba

Mu 2013 kampani ya Moneyweb, yofalitsa nkhani za chuma ku South Africa, inasumira Media24 kukhoti lalikulu ku Johannesburg. Dandaulo linali loti atolankhani a Fin24, nthambi ya Media24, akolola pomwe sanalime: atenga nkhani zisanu ndi ziwiri za Moneyweb, azisinthasintha pang'ono, n'kuzitulutsa kwawo. Kungomva chonchi, munthu ungaganize kuti mlandu watha kale.

Chigamulo chinatuluka mu May 2016 ndipo chinamuwawa wodandaula yemweyo. Woweruza sanayambe ndi kufunsa ngati Fin24 inakopera. Anayamba wafunsa ngati nkhanizo zinalidi ntchito ya atolankhani a Moneyweb. Zinayi zinagwera pomwepo, chifukwa Moneyweb inalephera kuonetsa chomwe mtolankhani wake anawonjezera pa zimene anachita kulandira kwa ena. Pa zitatu zotsalazo, khoti linapeza kuti imodzi yokha ndiyo inakoperedwa mophwanya lamulo. Pamwamba pa izo, Moneyweb inalamulidwa kubweza 70 peresenti ya ndalama zimene Media24 inawononga pa mlanduwo.

Nkhaniyi ndikukumbutsa Amalawi anzanga okhala ku Gaborone, makamaka inu aphunzitsi amene mumaphunzitsa ana mwapadera madzulo m'nyumba za ku Extension 2, kufupi ndi Main Mall. Mumachezera usiku kulemba manotsi a masamu a BGCSE, n'kugawira ophunzira anu. Tiyerekeze kuti tsiku lina mwawapeza pa shopu ya fotokope akugulitsidwa: chikuto chasintha, pamene panali dzina lanu aphimbapo ndi kapepala, koma kamzere kokhota kamene munajambula pamanja patsamba lachisanu kali pomwepo. Mtima udzakuuzani kuti mawa lomwe mukaonane ndi loya.

Lamulo lili kumbali yanu ndithu. Dziko la Botswana lili ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso la mu 2000, lomwe linakonzedwanso mu 2005. Umwini umayamba pomwe mwalembapo, osadikira kuti mukalembetse kwina kulikonse, ndipo umakhalapo moyo wanu wonse ndi zaka 50 mutamwalira. Kukhala mlendo sikukuchotserani kanthu, poti Malawi analowa m'pangano la Berne, loteteza umwini wotere pakati pa mayiko, mu 1991 ndipo Botswana inalowa mu 1998. Ofesi yoona za lamuloli ili ku CIPA, pomwe bungwe la COSBOTS limatolerera aluso ndalama monga imachitira COSOMA kwathu.

Wokuberaniyo mwina adzakuyankhani ndi mawu oti fair use, amene anawatola pa intaneti. Imeneyo ndi mfundo ya malamulo a ku America. Lamulo la Botswana limachita kutchula zololedwa: kutenga kachigawo kochepa ndi kutchula mwini wake ndi komwe kachokera, kugwiritsa ntchito ndime yaifupi pophunzitsa, ndi zina zotero. Kupanga fotokope kabuku kathunthu n'kumagulitsa mulibemo m'menemo, ngakhale atanena kuti akuthandiza ana asukulu.

Koma apa ndi pomwe Moneyweb inapunthwa, ndipo inunso mungapunthwe pomwepa. Lamulo silitchinjiriza ganizo kapena mfundo yodziwika kale. Lamulo la Pythagoras si lanu, ngakhale mwaliphunzitsa zaka makumi awiri. Chanu ndi kafotokozedwe: mawu amene munasankha, zitsanzo zimene munapeka nokha, ndondomeko imene munayala kuti mwana wosamva msanga atsatire. Ndipo sikokwanira kuti inuyo mukudziwa kuti munavutika. Khoti lidzafuna kuona. Ambiri a ife tikamaliza kutaipa timataya kope lomwe tinayambira kulembamo, lija lodzaza ndi zofufutafufuta, chonsecho ndilo mboni yathu yoyamba. Lisungeni, pamodzi ndi mafayilo akale a pakompyuta oonetsa masiku, ndi imelo yomwe munatumizira mnzanu kuti akuonereni zolakwika. Mukagula kabuku kobedwako, tengani lisiti.

Kenako khalani pansi ndi manotsi anuwo, pensulo m'manja. Chongani funso lililonse limene munatenga m'mapepala akale a mayeso a Botswana Examinations Council, ndi chitsanzo chilichonse chimene munakopera m'buku la kusukulu osatchula mlembi wake. Loya wa mbali inayo adzayambira pa masamba amenewo.