Matemba: Nsomba ya M'madambo Athu

Anthu a kwa Zulu, m'boma la Mchinji, ali kutali ndi nyanja, koma ndiwo za nsomba sazisowa konse. M'madambo ndi m'timitsinje tothira mu Bua muli matemba, amene ana amawawedza ndipo akulu amawatchera mono. Nsomba imeneyi ndi yaing'ono, komabe aphunzitsi ndi ana a sukulu ayenera kuidziwa bwino.

Maonekedwe ake

Dzina lakuti matemba limaphatikiza mitundu ingapo ya tinsomba tapachibale. Mtundu wodziwika koposa sukula kupitirira mainchesi 6, ndipo zambiri zimagwidwa zisanafike pamenepo. M'nthiti ndi yoyera mbuu ngati siliva, koma kumsana ndi yoderako. Pakamwa pali tindevu tinayi tatifupi. Pa chipsepse cha pamsana pali munga wolimba wokhala ndi mano ngati a sowo, ndipo munthu akhoza kuwamva ndi chala.

Kumene imapezeka

Nsombayi ili ponseponse kuyambira ku Ethiopia mpaka ku South Africa. Imakonda madzi osathamanga, okhala ndi udzu ndi bango. Muno m'Malawi imachuluka kwambiri ku nyanja ya Chilwa, ndipo matemba ouma a kumeneko amagulitsidwa m'misika yambiri. Mvula ikagwa, nsomba zimakwera m'mitsinje kukaikira mazira m'maudzu omira.

Dzina lake

M'chaka cha 1852 Mjeremani wina, Wilhelm Peters, amene anayenda m'dziko la Mozambique, anailemba m'mabuku ndi dzina la Chilatini lakuti Barbus paludinosus. Liwu loyambalo linachokera ku liwu lotanthauza ndevu, ndipo lachiwirilo litanthauza "ya m'dambo." Kuyambira 2015 akatswiri amaitcha Enteromius paludinosus, koma liwu la dambo lija silinasinthe, pakuti moyo wake uli momwemo.

Chenjezo

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995. Matemba sanathe, chifukwa ena anabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayo. Madzi atabwerera, otsalawo anaswana nadzazanso nyanja.

Chomwechonso kwa Zulu. Tinsomba totsala m'maiwe m'mwezi wa Okutobala ndiyo mbewu ya chaka chamawa. Munthu wothira katupe m'dziwe, kapena wokokolola ndi neti ya udzudzu, afanana ndi mlimi wokazinga mbewu yake yonse. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala. Mafumu ndi nyakwawa achita bwino kukumbutsa anthu ao zimenezi.

Ntchito ya ana a sukulu

1. Abwere ndi nsomba imodzi, awerenge tindevu take, ndi kuijambula.
2. Afunse agogo ao maina ena a tinsomba ta m'dambo la kwao.
3. Alembe maiwe a pafupi amene saphwa m'chilimwe.