Mwana Amene Amatseka Diso Limodzi Poŵerenga

Pafupifupi m'kalasi iliyonse muli mwana amene aphunzitsife timamutcha waulesi kapena wosamvera. Mafunso apakamwa amayankha bwino, nthano amaimvetsa, za pabolodi amaziona. Koma tikangomupatsa buku, sipapita nthaŵi wayamba kuyasamula, kuyang'ana panja kapena kuputa mnzake. Tisanamlange mwana wotere, tiyenera kuyamba tadzifunsa ngati maso ake aŵiri akugwirizana pa ntchito.

Diso lililonse limayendetsedwa ndi minofu isanu ndi umodzi. Poyang'ana kutali, maso amalunjika kutsogolo. Poyang'ana pafupi, monga buku limene lili pa mtunda wa masentimita 30 kapena 40, maso onse aŵiri ayenera kupendekera pang'ono cha kumphuno ndi kukhala choncho kufikira tsamba litatha, kuti ubongo uphatikize zithunzi ziŵiri zikhale chimodzi. Ana ena satha kuŵasunga maso motero. Diso limodzi limathaŵira kumbali, ndipo zilembo zimaoneka ziŵiriziŵiri, mbuu, kapena ngati zikuyenda. Madokotala amalitcha vutoli convergence insufficiency.

Chovuta n'chakuti mwanayo kaŵirikaŵiri sadandaula, pakuti amayesa kuti anzake onse amaonanso chimodzimodzi. Tiyeni tsono timuyang'ane ife eni ake. Amatseka diso limodzi ndi dzanja, kapena kugoneka mutu pamkono kuti aŵerenge ndi diso limodzi lokha. Amalumpha mizere, amabwereza umene waŵerenga kale, amatikita maso, amati mutu ukumupweteka pamphumi. Mizere yoyamba amaiŵerenga bwino, zolakwa zimachuluka akamapitirira. Tikamuŵerengera ndime yomweyo mokweza, iye amaimva yonse, ndipo chizindikiro chimenechi tichisunge kwambiri.

Kholo lingatiuze kuti mwanayo anamuyeza kale ndipo maso ake ali bwino. Tisatsutse, koma tifunse kuti anamuyeza motani. Tchati cha zilembo zazikulu ndi zazing'ono chija, chimene Herman Snellen wa ku Netherlands anakonza mu 1862, chimayesa kuona patali mamita 6, ndiponso diso limodzilimodzi. Mwana wa vuto lathuli angaŵerenge mpaka mzere wapansi, popeza chimene chikumulephera, kugwirizana kwa maso pafupi, sichinayesedwe n'komwe.

Pali njira yapafupi yotithandiza kukayikira. Gwirani pensulo patsogolo pa mwana, muiyandikitse pang'onopang'ono kumphuno kwake, iye akuyang'ana nsonga. Maso ogwirizana amaitsatira mpaka itatsala masentimita osapitirira 10. Diso limodzi likapatuka pensulo ikadali patali, kapena mwana akati akuona mapensulo aŵiri, lemberani makolo kalata kuti apite naye kwa oyeza maso, ndipo m'kalatamo mufotokoze zimene mwaona. Dzina la matenda musalembemo. Imeneyo si ntchito ya mphunzitsi.

Tichenjerenso kuti tisapitirire muyeso. Ana ambiri olephera kuŵerenga maso ao ali bwinobwino. Chimaŵavuta ndi kulumikiza liwu ndi chilembo, ndipo mankhwala ake ndi kuŵaphunzitsa maphatikizo moleza mtima. Ku America, kafukufuku wa mu 2008 anaonetsa kuti kuzoloŵeretsa maso moyang'aniridwa ndi akatswiri kwa milungu 12 kumathandiza koposa kuseŵera ndi pensulo kunyumba. Koma wina wa mu 2019 anapeza kuti, ngakhale maso anayamba kugwirizana, kumvetsa zoŵerenga sikunakwere kuposa kwa ana amene sanalandire chithandizo chenichenicho. Maso akachira, ntchito yophunzitsa kuŵerenga imakhala ikutidikirabe.

Podikira chipatala, mwanayo akhale poŵala bwino. Tim'patse ndime zazifupi, apume poyang'ana kutali asanayambe ina, ndipo aike rula pansi pa mzere umene akuŵerenga. Poyesa ngati wamva phunziro, nthaŵi zina timufunse pakamwa. Akatseka diso limodzi tisamukalipire. Tingolemba tsiku ndi mphindi zimene anaŵerenga asanatope, kuti makolo akaonetse kuchipatala.