Kubwezera zipangizo zomangira kwa wogulitsa: mafunso ndi mayankho a ku Kitwe ndi Ndola

Kodi mgwirizano wobwezera zipangizo ndi wotani?

Ndi pangano la womanga ndi womugulitsa zipangizo, lakuti zotsala pa ntchito zisapite kudzala. Wogulitsa amazitenganso kuti zigwire ntchito ina kapena zipangidwe chatsopano. Womanga amalandirapo ndalama, kapena amachotseredwa mtengo akadzagulanso.

Ndi zinthu ziti zimene zingabwezedwe?

Zidutswa za zitsulo ndi malata, mapaleti, migolo, matabwa othirira konkire ndi mabuloko osweka. Zitsulo zimasungunulidwanso m'mafakitale ngati a ku Kafue. Mabuloko osweka amaphwanyidwa n'kuthiridwa pansi pa msewu kapena pokwirira maziko.

Nanga phiri lakuda la ku Kitwe, lotchedwa Black Mountain, likukhudzidwa bwanji?

Black Mountain ndi mulu wa slag, zotsala zolimba zimene zinkatayidwa posungunula mkuwa ku Nkana. Anthu amakumbamo pofuna mkuwa ndi kobalti zimene zinatsalira. Slag yoperedwa bwino ingalowe m'malo mwa gawo lina la mchenga mu konkire, koma iyenera kuyamba yayezedwa.

Ndiye aliyense angakatapeko?

Ayi, malowa ali ndi eni ake ndipo pamafunika chilolezo. Ndi malo oopsanso: mu June 2018 mbali ina ya muluwu inagumuka n'kupha anthu amene ankakumba. Gulani slag kwa amene ali ndi mapepala okha.

Ndani angalowe mgwirizanowu?

Womanga wamkulu ngakhale wamng'ono, bola bizinesi yake ikhale yolembetsedwa ku PACRA ndi ku National Council for Construction. Mbali inayo angakhale mwini sitolo ya zipangizo, woumba mabuloko, kapena kampani ya simenti. M'dera la Ndola muli Chilanga Cement, Zambezi Portland ndi Dangote ya ku Masaiti. Kampani iliyonse ili ndi mfundo zake, choncho yambani mwafunsa zimene imalandira.

Papepala la pangano palembedwe zotani?

Mutchule mtundu wa zotsala, mmene zikhalire pobwezedwa, wolipira galimoto, ndi mtengo wa kilogalamu kapena wa lole imodzi. Izi zimakambidwa musanagule katundu. Pamalo omangira sankhulani zotsala m'milu yosiyana, chifukwa zitsulo zosakanikirana ndi dothi zimatsika mtengo.

Kodi lamulo likutipo chiyani?

Lamulo la Environmental Management Act la 2011 linakhazikitsa ZEMA, bungwe loyang'anira zinyalala zoopsa. Malamulo a 2018 amapatsa opanga katundu udindo pa zokutira zimene amagulitsiramo, monga mapulasitiki. Zinyalala wamba zimayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda.

Nyumba yomangidwa ndi zoterezi ingalimbe?

Ingalimbe ngati zipangizozo zafika pa miyezo ya Zambia Bureau of Standards ndipo injiniya wavomereza. Musanathire nazo konkire ya zipilala, pemphani wogulitsa akuonetseni zotsatira za kuyezako.