Ndasiya shuga mu tiyi, kodi ndapulumuka?

Adokotala,
Amayi anga anawapeza ndi matenda a shuga chaka chatha. Ine ndinasiya kuthira shuga mu tiyi, koma Mazoe ndi zakumwa za m'botolo zikundikanika kusiya. Nsima ndiye kawiri patsiku. Kodi ndapulumuka?
Mayi wa ku Sakubva, Mutare

Mayi,
Mwayamba bwino, koma shuga akulowabe kudzera m'kapu. Botolo la Coca-Cola la mamililita 500 lili ndi masipuni aang'ono pafupifupi 13 a shuga, pomwe bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole 12 patsiku. Nsima yoyera nayonso thupi limaisandutsa shuga msanga. Zimenezi zikachuluka zimanenepetsa. Mafuta akaunjikana pamimba, insulin, yomwe imachepetsa shuga m'magazi, sigwira bwino ntchito, ndipo poti amayi anu akudwala, chiopsezo chanu n'chachikulu.

Chepetsani mitanda. Nsima ikhale ya mgaiwa, mapira kapena mawere, ndipo masamba ndi nyemba zichuluke m'mbale. Ludzu lizitha ndi madzi. Timapiritsi totsekemera tothira m'malo mwa shuga sitikweza shuga m'magazi, koma musatidalire pochepetsa thupi. Muziyenda ndawala mphindi 30 patsiku.

Kayezetseni kukiliniki m'mawa musanadye kanthu, ngakhale mukumva bwino. Mukaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuonda kapena bala losapola, musachedwe, pitani ku chipatala cha Victoria Chitepo.