Ntchito ikatha, manja atsala: mafunso ndi mayankho

Muulutsi: Makalata ambiri a sabata ino akudandaula za kuchotsedwa ntchito, ndipo mlangizi wathu wa zantchito ali nafe muno. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Ndirande. Akuti: "Ndagwira ntchito pafakitale ina zaka 12. Atiuza kuti mwezi wamawa achepetsa anthu. Ndili ndi zaka 46, sukulu ndidalekera Fomu 2. Kodi pamsinkhu uno ndingaphunzirenso ntchito ina?"

Mlangizi: Bambo, pepani ndithu. Koma tisanafike kusukulu, tiyambe ndi ndalama zanu. Lamulo la zantchito la 2000 limati wochotsedwa motere alandire severance allowance. Pa zaka zisanu zoyambirira, chaka chilichonse mumalandira malipiro a masabata awiri. Zaka zisanu zotsatira, masabata atatu. Kupitirira apo, masabata anayi. Inu a zaka 12, ndiye kuti malipiro a masabata 33. Akakuzengerezani, pitani ku Leba m'boma lanu, zikakanika kubwalo la Industrial Relations Court.

Ndalamayo ikalowa, abale amachuluka. Patulani kaye ya maphunziro ndi zida, yotsalayo ndiyo mudye. Za msinkhu musadandaule. Munthu amene wakhala zaka 12 akumvetsera kulira kwa mashini savutika kuphunzira kukonza njinga zamoto za kabaza kapena chigayo. Kafunseni kubungwe loona za maphunziro a luso la TEVETA za maphunziro afupiafupi, komanso kusukulu zantchito zamanja monga Soche, poti muli pafupi. Dziwaninso kuti olemba ntchito amapereka ku TEVETA 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito, yoti iphunzitsire anthu luso. Simukukapempha chifundo ayi.

Muulutsi: Mayi wina wa ku Kasungu akuti anali kalaliki paofesi ina, ndipo akufuna kuphunzira utelala chifukwa anzawo onse adatero.

Mlangizi: Mayi, mawu akuti "anzanga onse" ndi amene andiopsa. Mawa m'mawa yendani pamsika wa Kasungu, muwerenge matelala amene akhala pakhonde akudikira wong'ambika thalauza. Kenako funsani: m'dera lino, sola ikafa kapena mjigo ukathyoka, anthu amaitana yani, ndipo amachokera kutali bwanji? Luso limene anthu amalitsata mtunda wautali ndi limene lili ndi ndalama. Komanso musataye zimene mukudziwa kale. Kulemba mabuku a ndalama ndi kompyuta ndi luso limene makopaletivu a alimi amalisowa.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Mzuzu: "Ndimawotcherera zitsulo bwinobwino, ndidaphunzirira pagalaja ya amalume, koma ndikafunsira ntchito amati pepala lili kuti?"

Mlangizi: Achimwene, inu simufunika kuyambiranso pachiyambi. TEVETA ili ndi njira yoyesa anthu amene adaphunzira ntchito kunja kwa kalasi. Amakuonani mukugwira ntchitoyo, ndipo mukakhoza amakupatsani satifiketi. Ali ndi ofesi ku Mzuzu komweko; kafunseni tsiku lolembetsa.

Ndipo inu amene mudakali pantchito, chakudza sichiimba ng'oma. Yambani kuphunzira luso lachiwiri Loweruka likubwerali, malipiro akadabwera.