Kodi Intaneti ya Kwathu Imatsamwa Pati?

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, tchuthi chiri pafupi. Ambiri a ife tidzabwerera kwathu ku Chileka, ku Lunzu, ku Matindi ndi ku Lirangwe titasenza ntchito yokawerenga, makamaka ife a Fomu 4 amene mayeso a MSCE atiyandikira. Masiku ano mbali ina ya kuwerengako ichitika pa intaneti: kutsitsa mapepala a mayeso akale, kuonera kanema wa masamu, ndi kufunsana m'magulu a WhatsApp. Koma m'nyumba zambiri dandaulo ndi limodzi, lakuti intaneti ikuchedwa, ndipo mankhwala amene anthu athamangira ndiwo kugula bandulo ina. Tsono ndalama ya bandulo ndi ya nandolo, ya tomato, kapena imene achimwene atumiza kuchokera ku Johannesburg, ndipo siyenera kutayika chabe. Bandulo iri ngati madzi a m'thanki, pamene liwiro liri ngati kukula kwa paipi. Kuonjezera madzi sikukulitsa paipi. Chotero tiyeni tiyambe tapeza pamene pali nthenda, tisanagule mankhwala.

Mafunde osaoneka

Tikumbutsane za m'kalasi ya Fizikisi. M'zaka za 1887 ndi 1888 Mjeremani wina, Heinrich Hertz, anaonetsa kuti kuli mafunde osaoneka ndi maso amene ayenda popanda waya. Mu 1901 Guglielmo Marconi anatumiza chizindikiro ndi mafunde omwewo kuchokera ku Cornwall, ku Mangalande, kufikira ku Newfoundland, tsidya lija la nyanja ya Atlantic. Mafunde amenewa ndi abale ake a kuwala, ndipo athamanga monga kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Wailesi ya agogo, foni ya m'manja ndi Wi-Fi, zonsezi zigwira ntchito ndi mafunde a mtundu umenewu.

Popeza ndi abale a kuwala, tiwaganizire monga kuwala kwa nyali. Pabwalo popanda chotchinga, munthu akatalikira kawiri, mphamvu yomfikira itsala gawo limodzi mwa magawo 4. Akatalikira katatu, itsala gawo limodzi mwa magawo 9. Ndipo palibe munthu wanzeru amene ayatsa nyali naiika kunsi kwa bedi. Amene wamvetsa mau awa wamvetsa theka la phunziro lathu.

Njira ziwiri

Nyumba zambiri za kwathu ziribe waya wa intaneti wofika pakhomo. Chimene tiri nacho ndi kabokosi kotchedwa rauta, kapena kanzake kakang'ono ka m'thumba kotchedwa MiFi, momwe muli SIM khadi ya TNM kapena ya Airtel. Ena angoyatsa hotspot pa foni ya bambo. Zonsezi zigwira ntchito mofanana, ndipo uthenga uyenda njira ziwiri. Njira yoyamba ichokera pa nsanja ya netiweki kufika pa rauta, mtunda umene ungakwane makilomita angapo. Njira yachiwiri ichokera pa rauta kufika pa foni kapena kompyuta, mamita owerengeka okha, ndipo imeneyi ndiyo Wi-Fi.

Apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Timizere ta Wi-Fi tikadzaza pa foni, tingonena kuti foni ikumvana bwino ndi rauta. Sitinena kanthu za nsanja. Msewu wa m'mudzi ungakhale wosalala ndithu, koma ngati mlatho wa pa msewu wa M1 wakokoloka, galimoto sifika ku Blantyre.

Nanga tidziwa bwanji njira imene yatsekeka? Tsekulani tsamba loyezera liwiro, monga fast.com, mutaima pafupi ndi rauta, ndipo lembani nambala imene yatuluka. Kenaka pitani ku chipinda chimene mumawerengera, muyezenso. Ngati liwiro liri lalikulu pafupi ndi rauta koma lochepa kuchipinda, nthenda iri pa njira yachiwiri. Ngati liri lochepa konsekonse, nthenda iri pa njira yoyamba. Koma musayeze kawirikawiri popanda chifukwa, pakuti kuyezako nakonso kudya bandulo.

Nambala yotulukayo iri mu Mbps, ndiko kunena mamegabiti pa sekondi imodzi. Mamegabiti 8 apanga megabaiti imodzi. Tiyerekeze kuti kanema wa phunziro ali ndi mamegabaiti 100, ndiwo mamegabiti 800. Pa liwiro la 10 Mbps adzatsika m'masekondi 80. Pa liwiro la 1 Mbps adzatenga masekondi 800, ndiko kupitirira mphindi 13. Taonani, bandulo yodyedwa ndi imodzimodzi, koma nthawi yasiyana kakhumi.

Kukonza njira yoyamba

Dziko lathu ndi la mapiri ndi zigwa. Phiri la Michiru liri pakati pa Chileka ndi mzinda wa Blantyre, ndipo midzi yambiri ya ku Lirangwe iri m'zigwa zotsetserekera ku Shire. Mafunde sabowola phiri. Nyumba ya m'chigwa iri mu mthunzi wa mafunde, monga momwe dzuwa lichedwa kufika kumeneko m'mawa. Phiri sitingalisunthe, koma rauta tingaisunthe.

Funsani akulu kumene kuli nsanja yapafupi, kapena yang'anani usiku kumene kukuoneka nyali yofiira pamwamba. Ikani rauta pa zenera loyang'ana komweko, pamalo okwera, osati pansi. Yesani mazenera onse, ndipo pa lirilonse dikirani mphindi ziwiri musanaweruze. Nthawi zina kusuntha kwa mita imodzi yokha kusintha zinthu kwambiri.

Yang'ananinso chilembo chimene foni kapena rauta ikuonetsa. Chilembo cha E chitanthauza 2G, imene ikwanira mauthenga olemba koma osati kanema. H kapena H+ ndi 3G. LTE ndi 4G, ndipo imeneyi ndiyo yofunika pa kuphunzira. Ngati pali mwai, bwerekani SIM khadi ya kampani inayo muyese pa malo omwewo, pakuti nsanja za makampani siziri pa mtunda wofanana ndi nyumba iriyonse. Imene ithamanga kwa azakhali ku Lunzu ingathe kukwawa kwanu kuseri kwa chitunda. Musasankhe ndi mphekesera. Sankhani ndi nambala zimene mwalemba.

Marauta ena ali ndi polumikizira mlongoti wa kunja. Mlongoti wotere, utakwezedwa pa mtengo pamwamba pa denga ndi kuloza ku nsanja, uthandiza kwambiri nyumba za m'chigwa. Koma ntchito imeneyi ichitidwe ndi wodziwa za magetsi, chifukwa chitsulo chokwezedwa pamwamba chingathe kuombedwa ndi mphezi m'nyengo ya dzinja.

Chinanso ndi ichi: nsanja iri ngati mjigo wa m'mudzi. Madzulo anthu onse akaweruka ku ntchito natenga mafoni ao, mzere utalika ndipo aliyense atunga pang'ono. M'mamawa mjigo uli wopanda anthu. Chotero mabuku akulu ndi makanema a maphunziro tsitsani m'bandakucha kapena usiku kwambiri, muwasunge m'foni, ndipo mudzaonera masana popanda kudikira.

Kukonza njira yachiwiri

Wi-Fi ndi yofooka dala, kuti nyumba zoyandikana zisasokonezane. Adani ake akulu ndi atatu: chitsulo, madzi ndi makoma. Chitsulo chibweza mafunde monga kalilole abweza kuwala. Chotero rauta isakhale m'sutikesi yachitsulo, kuseri kwa wailesi ya kanema, pamwamba pa filiji, kapena yogundana ndi malata a denga. Madzi ameza mafunde, choncho isakhale pafupi ndi diramu, ndowa kapena mtsuko. Ngakhale thupi la munthu, popeza mbali yake yaikulu ndi madzi, lichepetsa mphamvu anthu akadzaza m'chipinda. Khoma lirilonse la njerwa zootcha kapena la simenti lidula gawo lake, ndipo pofika kuseri kwa makoma atatu pangotsala nyenyeswa.

Ndidziwa kuti amai aika rauta m'kabati ndi kukhoma poopa ana ndi akuba, ndipo mantha ao ndi oona. Koma tiwapemphe mwaulemu kuti tikhomere kashelefu pamwamba, pamene ana safikira, ndipo usiku tiziibwezera m'kabatimo.

Wina adzafunsa kuti, "Njira yoyamba ifuna zenera, yachiwiri ifuna pakati pa nyumba, nanga timvere iti?" Kwathu kuno timvere yoyamba. Nsanja iri kutali ndipo nyumba zathu si zazikulu. Nkwapafupi kusendeza tebulo lowerengera kufupi ndi zenera kusiyana ndi kusendeza nsanja.

Marauta ambiri atsopano aulutsa pa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Funde la 2.4 GHz ndi lotalika masentimita 12 ndi theka. Lifika patali ndipo lipyola makoma bwinoko. Funde la 5 GHz ndi la masentimita 6. Linyamula zambiri koma litopa msanga. Muli m'chipinda chimodzi ndi rauta, sankhani 5 GHz. Muli pa khonde kapena ku khitchini ya panja, sankhani 2.4 GHz. Musasokoneze 5 GHz ndi 5G, pakuti 5G ndi ya pa nsanja, ya njira yoyamba ija. Inu okhala pa msika wa Lirangwe kapena pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka, pamene nyumba ndi masitolo zathithikana, marauta angathe kulankhulira pa mpata umodzi monga anthu ofuula onse pamodzi. Kunsi kwa rauta kwalembedwa nambala yolowera ku tsamba lake. Lowani, ndipo pa 2.4 GHz yesani tchanelo 1, 6 kapena 11, pakuti atatu amenewa salowerana.

Kumbukiraninso kutentha. Chileka ndi Lirangwe ziri pansi kusiyana ndi mzinda wa Blantyre, ndipo mu Okutobala dzuwa lake tonse tilidziwa. Rauta ikatentha kwambiri igwira ntchito mofooka. Isaombedwe ndi dzuwa pa zenerapo, ndipo isaphimbidwe ndi kansalu kokongoletsa. Ikayamba kuchita ulesi, izimitseni kwa theka la mphindi, muiyatsenso.

Odya osaoneka

Liwiro la rauta ligawidwa kwa onse olumikizidwa, monga mbale imodzi ya nsima. Pa tsamba la rauta lija pali mndandanda wa mafoni onse amene akudya. Werengani, ndipo ngati achuluka kuposa a m'nyumba, sinthani mau achinsinsi. Asakhale dzina la mwana kapena 12345678, ndipo chitetezo chikhale cha WPA2 kapena WPA3. Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo sitikana kuthandiza mnansi amene afuna kulankhula ndi mwana wake ali kutali. Koma mau achinsinsi ayenda msanga kuposa njinga: wapatsa mmodzi, pofika Loweruka adziwa anyamata onse a pa bwalo la mpira. Ndi bwino kupangana poyera, kapena kusonkherana ya bandulo, kusiyana ndi kudana mumtima.

Mafoni athu omwe nawonso adya mobisa. Atsitsa okha zithunzi ndi makanema a m'magulu a WhatsApp, nakonzanso mapulogalamu ao osatiuza. Zimenezi tingaziletse m'foni momwemo. Ndipo poonera phunziro pa YouTube, sankhani 360p kapena 480p m'malo mwa 1080p. Zolemba za pa bolodi zioneka ndithu, ndipo bandulo ikhalitsa.

Zimene sitingathe kukonza

Pali masiku ena amene vuto siliri pakhomo. Nsanja ndi rauta zonse zifuna magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linakhala ndi magetsi operewera kwa nthawi yoposa chaka. Batire kapena sola yaing'ono isunga rauta yoyaka, ndipo apa MiFi ipambana popeza iri ndi batire lakelake.

Komanso dziko lathu liribe gombe la nyanja yamchere. Intaneti yathu idutsa m'maiko oyandikana nafe, monga Mozambique ndi Tanzania, kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Mu Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka m'nyanja, ndipo intaneti inachedwa m'Malawi ndi m'maiko ena a kum'mawa kwa Africa. Pa tsiku lotero kusuntha rauta sikuthandiza. Funsani anansi, ngati onse akulira, sungani ndalama yanu, tengani buku.

Kuyambira mu 2023 m'Malawi mulinso Starlink, imene itenga intaneti ku masetilaiti a m'mlengalenga m'malo mwa nsanja. Mtengo wake ndi wolemera kwa mabanja ambiri a kumudzi, ndipo ngakhale wogulayo sanathawe phunziro lathu, pakuti wangosintha njira yoyamba. Makoma ndi malata zikali pomwepo.

Ntchito ya pa tchuthi

Tsono, anzanga, aliyense amene kwao kuli rauta, MiFi kapena hotspot atenge kope lake ajambule nyumba yao, aonetse mazenera ndi mbali imene kuli nsanja. Asankhe malo anai oikapo rauta, ayeze liwiro pa malo alionse m'mawa ndi madzulo, ndipo alembe nambala, chilembo cha netiweki ndi dzina la mudzi. Potsekulira sukulu tidzapereke zimenezi kwa aphunzitsi a Fizikisi, ndipo akatilola tidzajambula mapu a Chileka ndi Lirangwe osonyeza kumene mafunde afika bwino ndi kumene afooka. Mapu amenewo adzathandiza makolo athu kudziwa chogula ndi chosagula. Safunsa anadya phula. Ife tiyeze, tilembe, ndipo pambuyo pake tigule.

Wophunzira wa Fomu 4