Zoyenera kudziwa musanachotse apilo kubwalo la milandu

Si aliyense wopezeka wolakwa kubwalo la majisitireti amene amapita kundende. Ena bwalo limawalola kubwerera kwawo kuti azikayang'aniridwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma, malinga azikaonekera pa masiku oikika ndiponso asapalamule mlandu wina. Munthu akaphwanya mfundozi, bwalo lili ndi mphamvu yomulanda mwayiwo ndi kumupatsa chilango pa mlandu woyamba uja.

Vuto limabuka ngati munthuyo anali atachita kale apilo ku Bwalo Lalikulu potsutsa kuti sadalakwe. Akangolowa m'ndende, abale ena amataya mtima n'kumuuza kuti angochotsa apiloyo poti zinthu zavuta kale. Uphungu wotere ndi wopupuluma. Kuphwanya mfundo za kuyang'aniridwa ndi nkhani ina, ndipo funso loti bwalo loyamba lidaweruza molondola ndi linanso. Apilo imayankha funso lachiwirili, ndipo siifa chifukwa choti mwini wake ali m'ndende. Ufulu wochita apilo uli m'ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino.

Kuchotsa apilo sikuchepetsa chilango ngakhale ndi tsiku limodzi. Chigamulo choti munthuyo ndi wolakwa chimakhala chikhalire, ndipo chingathe kumutsata pofunsira ntchito kapena akadzapezeka wolakwa pa mlandu wina, pakuti bwalo limaona mbiri yake popereka chilango. Kubwezeretsa apilo yochotsedwa n'kovuta kwambiri, chifukwa nthawi yochitira apilo imakhala itadutsa.

Zilipo zifukwa zomveka zochotsera apilo. Bwalo Lalikulu lili ndi mphamvu yochepetsa chilango, komanso yochiwonjezera likaona kuti chidachepa. Tsono ngati umboni udali wamphamvu, loya angathe kulangiza kuti nkhaniyo ithere pomwepo.

Chiganizochi ndi cha mwini mlandu, osati amalume kapena wina aliyense amene adasonkha ndalama zoyendera. Pempho lochotsa apilo limalembedwa ndi kuperekedwa kubwalo, choncho asasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sadaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'chinenero chimene amamva.

Amene alibe ndalama zolipira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo amene ali m'ndende angathe kufunsa maparaligo a bungwe la PASI akabwera kudzayendera akaidi. Abale popita kukafunsa uphungu atenge nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo ndi dzina la bwalo limene lidazenga mlanduwo.